Mukufuna Kukaphunzira za Chikhalidwe cha Anthu ku Bulgaria? Tsatani Izi

Za pasipoti, zithunzi ndi makope a masatifiketi sinditaya nazo nthawi. Munthu amene wafika poganiza zokaphunzira anthropology kunja amazidziwa kale zimenezo. Ophunzira amene ndawaona akubwerako chimanjamanja anali ndi mapepala onse m'malo mwake. Anagwera pa sitepe yachinayi, ndipo ndi pamene ndichedwepo.

Choyamba: sukulu ndi visa

Sofia University St. Kliment Ohridski, yomwe inayamba mu 1888, imaphunzitsa ethnology. New Bulgarian University, nayonso ya mu Sofia, ili ndi dipatimenti ya anthropology, ndipo Plovdiv University Paisii Hilendarski ilinso ndi maphunziro otere. Musanalipire kalikonse funsani kuti kalasi amaphunzitsa m'chilankhulo chanji. Maphunziro ambiri ali m'Chibulgaria, ndipo mlendo amayamba watha miyezi ingapo akuphunzira chilankhulocho. Fizi muyerekeze mayuro 3,000 kapena 4,000 pachaka, koma mtengo weniweni ufunseni ku sukuluyo. Dzikoli linasiya ndalama yake ya lev n'kuyamba kugwiritsa ntchito yuro mu Januwale 2026. Wokakhala nthawi yaitali amafunika visa ya mtundu wa D, yomwe amakaipempha yekha ku ofesi ya kazembe, ndipo kum'mwera kwa Africa kuno ofesi yotere ili ku Pretoria. Yambani kudakali miyezi. Madobadoba olonjeza visa ya sabata imodzi akungofuna ndalama zanu.

Chachiwiri: mbiri, mwachidule

Sungani zaka izi pamtima, chifukwa anthu akumeneko amazitchula ngati zadzulo. Ufumu woyamba wa Bulgaria unakhazikika mu 681. Mfumu Boris I inalandira Chikhristu cha m'ma 864. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1300 dzikoli linali pansi pa ufumu wa Ottoman mpaka 1878. Chikomyunizimu chinalamulira kuyambira 1944 mpaka 1989, nthawi yaitali pansi pa Todor Zhivkov. Mu 1984 ndi 1985 boma linakakamiza nzika za mtundu wa Chiteki kusintha maina awo, ndipo mu 1989 anthu oposa 300,000 anachoka kupita ku Turkey. M'zaka za m'ma 1980 dzikoli linali ndi anthu pafupifupi 9 miliyoni. Kalembera wa 2021 anapeza pafupifupi 6.5 miliyoni. Mukapeza mudzi wa nkhalamba zokhazokha ndi nyumba zotseka, chifukwa chake ndi chimenechi.

Chachitatu: zilembo

Zilembo za Cyrillic zimene amalembera Chibulgaria zilipo 30. Masabata awiri akukwanirani kuziloweza mudakali kwanu. Wofika ku Sofia asakutha kuwerenga dzina la mudzi pa basi ndi waulesi basi. Dziwaninso kuti anthu ambiri, makamaka achikulire, amapukusa mutu povomera.

Chachinayi: mudzi umodzi, funso limodzi, nthawi yaitali

Apa ndi pamene anthu amagwera. Wophunzira amamva za Surva, chikondwerero cha zinyau za kukeri chimene chimachitika ku Pernik kumapeto kwa Januwale. Amapitako, kujambula amuna ovala zikopa ndi mabelu akuluakulu m'chiuno. Pa 3 Juni ali ku mudzi wa Bulgari ku Strandzha kukaona anestinari akuvina pamakala amoto opanda nsapato. Kenako ali ku Kazanlak pa chikondwerero cha maluwa a rozi. Chaka chikatha ali ndi zithunzi zodzaza foni, koma mphunzitsi akamufunsa kuti wapeza chiyani, amangoti kukamwa yasa. Kumeneko n'kukaona malo. Digiri ya anthropology siituluka mmenemo.

Sankhani mudzi umodzi kapena dera limodzi la tauni, ndipo khalani pomwepo. Miyezi itatu ndiyo yochepetsetsa. Isanu ndi umodzi ndiye bwino. Gerald Creed, katswiri wa ku America, anakhala nthawi yaitali m'mudzi umodzi wa Zamfirovo, ndipo m'menemo munatuluka buku lake la 1998, Domesticating Revolution, lofotokoza mmene alimi anakhalira ndi minda ya chikomyunizimu. Kristen Ghodsee anachita chimodzimodzi m'tauni ya migodi ya Madan pakati pa Asilamu olankhula Chibulgaria. Onsewa sanathamange dziko lonse.

Funso lanu likhale laling'ono loti mutha kulinena pampweya umodzi. "Chikhalidwe cha Bulgaria" si funso. Funso ndi ili: achinyamata atapita kukagwira ntchito ku Germany ndi Spain, amene akuvala zinyau za kukeri m'mudzi uno ndani, ndipo mabelu amagula ndani? Kapena ili: ndani amasankha mawu olembedwa pa zidziwitso za maliro? Zidziwitso zimenezi mudzaziona paliponse: pepala loyera lokhala ndi chithunzi cha malemu, lomatidwa pa geti, pa mtengo, pa chitseko cha tchalitchi. Pakatha masiku 40 amamata lina, pakatha chaka linanso, mwina mpaka zaka zambiri. Geti limodzi lotere lingakuuzeni za banja zambiri kuposa chikondwerero chonse cha ku Pernik, ngati mwakhala pamenepo nthawi yokwanira kuti mwini geti akuitaneni kulowa.

Ife ochokera kwa Achewa tili ndi msampha wathuwathu. Tikaona kukeri, m'mutu mumabwera Gule Wamkulu, ndipo ena amalemba ndime yoyamba yomweyo kuti ziwirizi n'zofanana. Dikirani kaye. Gule ali ndi dambwe, chinsinsi ndi mwambo wolowera, ndipo amatuluka pa maliro ndi pa chinamwali. Wovina kukeri amatha kuvula chigoba pagulu n'kumwa mowa ndi anzake, aliyense akumudziwa dzina. Kuyerekeza n'kololedwa, koma kubwere kumapeto, mutamvetsa za eni ake.

Polowa m'mudzi musangotulukira ndi kamera. Pitani kaye kwa kmet, mkulu wosankhidwa wa mudziwo, mutanyamula kalata ya ku yunivesite yolembedwa m'Chibulgaria. Kenako pitani ku chitalishte, nyumba ya mabuku ndi zachikhalidwe yomwe imapezeka m'midzi yambiri. Zoyamba zinatsegulidwa mu 1856. Amene amasunga makiyi a nyumbayi amadziwa gogo aliyense woimba ndiponso mabanja amene sayankhulana. Akakukondani ameneyu, makomo atseguka.

Ndipo lankhulani nokha. Kudalira womasulira wachinyamata wa ku Sofia ndi njira yachidule yowonongera kafukufuku, chifukwa amasefa zimene akuona kuti n'zochititsa manyazi, zomwe ndi zimene inu mukuzifuna. Chibulgaria chanu chothyokathyoka chidzaseketsa agogo, koma adzakukhazikani pansi. Ikafika nyengo yokolola, mukapeza mabanja akuwotcha tsabola wofiira ndi kuphika msuzi wa lyutenitsa mumphika waukulu panja, pindani malaya muthandize kusenda. Nkhani za minda ya boma, za ana amene ali kunja, za amene analanda munda wa mnzake minda itabwezedwa pambuyo pa 1989, zimatuluka manja ali pa ntchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndibwerezenso: mudzi umodzi, funso limodzi, ndipo musachokepo chifukwa choti mwatopa nawo. Sabata imene mukuona ngati palibe chikuchitika ndi imene anthu ayamba kukuzolowerani.

Pa nkhani zopweteka, monga kusinthidwa kwa maina kapena moyo wa anthu a mtundu wa Aromani, musayambe ndinu. Pemphani chilolezo musanajambule mawu, ndipo polemba sinthani maina a anthu.

Chachisanu: ndalama ndi zolemba

Ku Sofia chipinda m'nyumba yogawana chingakudyereni mayuro 250 mpaka 400 pamwezi. Ku hositelo za ku Studentski grad n'kotsika kwambiri. Chakudya ndi maulendo yerekezani mayuro 300. Kumudzi lendi ndi yochepa, koma nkhuni za m'nyengo yozizira, jekete lenileni ndi nsapato za chipale zidzafuna ndalama, ndipo mabasi a kumidzi ina ndi osowa. Osapita kwa eni nyumba opanda kanthu m'manja: khofi kapena bokosi la chokoleti n'zokwanira.

Lembani zonse madzulo a tsiku lomwelo, ngakhale mutalawako mowa wa rakia. Za mawa zimasanduka nthano. Zikakusowani zolembedwa zakale, pitani ku Institute of Ethnology and Folklore Studies ya Bulgarian Academy of Sciences mu Sofia. Mukamaliza digiri, sindikizani kope limodzi, lembani chidule chake m'Chibulgaria, ndipo litumizeni ku chitalishte ya mudzi uja. Ambiri satero, ndipo wophunzira wobwera pambuyo pawo ndi amene amapeza geti lotseka.