Kodi nthaka ingaziziritse nyumba yanga?

Funso: Ndagulitsa fodya ndipo ndikumanga nyumba ya malata ku Santhe. Mwana wanga amene ali ku Johannesburg akuti kunja amaziziritsa nyumba ndi mapaipi okwirira pansi. Kodi kuno zingatheke? Mlimi, Kasungu.

Yankho: Bambo, mwana wanuyo sakunama. Mukakumba mamita 2 kapena 3, nthaka sitsatira kwenikweni nyengo: mu Okutobala imazizira kuposa mpweya wamasana, mu Juni imafunda kuposa wam'mawa. N'chifukwa chake madzi apachitsime chakuya amazizira ngakhale dzuwa lili paliwombo. Ku Sweden ndi ku America amayendetsa madzi m'mapaipi otere, makina n'kumasamutsa kutentha pakati pa nyumba ndi nthaka.

Koma ine sindikulangizani kutero. Makinawo ndi oitanitsa kunja, amafuna magetsi osadukiza, ndipo kukumba kokhako kungadye ndalama ya mabelo ambiri. Chisanu cha Kasungu bulangete limachikwanitsa. Mdani wanu ndi malata otentha pamutu.

Kwezani denga, ikani siling'i, ndipo siyani timipata pamwamba pa khoma kuti mpweya wotentha uzituluka, monga umatulukira m'balani la fodya. Mawindo ayang'anizane. Khonde likhale lotambalala, makamaka kumadzulo, ndipo bzalani mango mbali yomweyo mvula ikayamba. Yambani ndi siling'i, bambo, musanagule mipando.