Buku la ku Chipatala Lithandiza Kugonjetsa Nyamakazi ndi Matenda a Pakhungu

Anthu ambiri a m'midzi yozungulira Lilongwe adziwa Msika wa Tsoka, umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, kumene agula zovala za kaunjika. Pakati pa ogulitsa ndi onyamula mabelo pamsikapo alipo ena amene mawondo awo atupa ndi nyamakazi, ndi enanso amene avutika ndi mphere kapena chipere. Munthu wotere akangogula mapiritsi opha ululu pa okala, osapita ku chipatala cha Bwaila chimene chili pafupi, nthenda yake silembedwa paliponse. Tsono nthenda yosalembedwa Boma silingaidziwe, ndipo silingaikonzere mankhwala okwanira.

Kumene Zolembedwa Zipita

Wodwala akafika ku chipatala, dokotala alemba nthenda ndi mankhwala m'buku la wodwalayo ndiponso m'kaundula wa chipatala. Mwezi ukatha, ziwerengero za m'kaundula zitumizidwa ku ofesi ya zaumoyo ya boma limenelo, ndipo kuchokera kumeneko zifika ku Unduna wa Zaumoyo. Pophatikiza ziwerengerozi, akatswiri aona nthenda imene ili kuchuluka, dera limene yafala, ndi msinkhu wa anthu amene iwagwira kawirikawiri.

Phunziro la ku Karonga

Chitsanzo chabwino ndi nthenda ya khate. M'chaka cha 1979 bungwe la LEPRA linayamba ntchito yofufuza ku Chilumba, m'boma la Karonga. Kuyambira 1980 kufikira 1984 antchito ake anayenda khomo ndi khomo, napima khungu la anthu oposa 100,000, nalembanso ngati munthu ali ndi chipsera cha katemera wa BCG pa mkono. Zolembedwazo zinaonetsa kuti katemera ameneyu, amene aperekedwa chifukwa cha chifuwa chachikulu, atetezanso ku khate. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu ena anabayidwa kachiwiri, ndipo mu 1996 kunadziwika kuti mwa iwowo khate linachepa ndi theka. Madokotala a maiko ambiri anaphunzira kuchokera kwa alimi ndi asodzi a ku Karonga amene analola kupimidwa.

Pofika 1994, odwala khate m'Malawi anali osakwana mmodzi pa anthu 10,000 alionse. Komabe khate silinathe. Banga lotuwa pakhungu limene silimva kukhudza liyenera kuonetsedwa ku chipatala msanga, pakuti mankhwala ake ngaulere ndipo achiritsa.

Nyamakazi Ikali M'mbuyo

Nyamakazi ili ya mitundu ingapo. Ina idza mafupa a m'mfundo akaperepeseka ndi ukalamba kapena katundu wolemera. Ina itupitsa zala za manja onse awiri ndi kuziumitsa m'mawa, ndipo ikachedwa kuchizidwa ipinda zalazo. Mitunduyi ifuna mankhwala osiyana. Koma ambiri aiyesa ukalamba chabe, nakhala kunyumba, chotero kaundula salandira mbiri yawo.

Zoyenera Kuchita

1. Wodwala atenge buku lake ulendo uliwonse, asagule latsopano lakale lisanathe, ndipo asabwereke la mnzake.

2. Anene zoona za msinkhu wake, mudzi wake, ntchito yake ndi nthawi imene nthenda inayamba.

3. Mphere ikalowa m'nyumba, onse a m'nyumbamo apite pamodzi, pakuti ifala pokhudzana ndi pofunda chofunda chimodzi.

4. Ofufuza akafika pamudzi, afotokoze ntchito yawo ndi kupempha chilolezo. Munthu ali ndi ufulu wokana, ndipo maina a ovomera satchulidwa m'malipoti.

Aphunzitsi awerengere ana a sukulu mau amenewa, ndipo mafumu awafotokoze pa bwalo, kuti okalamba amene sadziwa kuwerenga nawonso amve.