Milatho ya Anthu Oyenda Pansi m'Mizinda

Owerenga athu amene anafikako ku Lusaka anauona mlatho wa anthu oyenda pansi umene uli pa mseu wa Great East Road, pafupi ndi masitolo a Manda Hill. Pansi pace palibe madzi ai, pali mseu. Palibenso colipira. Koma m'mizinda yambiri anthu ena amailambalala milatho yotere nathamanga pakati pa magalimoto.

Ena amati ndi ulesi. Ine sindibvomereza msanga. Ku msika wa ku Lilongwe anthu anamanga timilatho ta mitengo pa mtsinje wa Lilongwe, ndipo ooloka anali kulipira, cifukwa timilathoto tinafupikitsa ulendo wao.

Mlatho wa pa mseu umatalikitsa ulendo. Uyenera kukwezedwa mamita 5 kapena kuposa kuti malole apite pansi, ndiye kuti makwerero ngati 30 pokwera ndi enanso 30 potsika. Taganizani mai wobereka mwana, dengu la matimati pamutu, kapena nkhalamba ya ndodo, kapena bambo wokankha njinga ya makala. Usikunso, ngati palibe nyali, munthu amaopa kukumana ndi mbala pamwambapo popanda kothawira.

Koma inu wocokera kumudzi, kwerani ndithu. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi, ndipo maso osazolowera amaiyesa ikali patali. Aphunzitsi, yezani mamita 17 pabwalo la sukulu kuti ana adzionere okha.