Phunziro: Kusankha njinga yamoto ya maulendo a tsiku ndi tsiku

Alimi, ambiri mwa inu mukagulitsa nandolo mumafunsa za njinga yamoto yopitira kumsika wa Mbulumbuzi, ku Njuli kapena ku Limbe. Musanafunse mtengo, yang'anani kaye msewu wa kwanu.

Sikuta ndi yosavuta kuyendetsa chifukwa simusintha magiya, koma matayala ake ndi aang'ono, kawirikawiri mainchesi 10 kapena 12, ndipo mimba yake ili pafupi ndi nthaka. Pa tala wopita ku Zomba imayenda bwino. Mumsewu wakumudzi, dzinja likafika, imagunda miyala ndi kutitimira m'matope. Kwa mlimi wonyamula chigubu cha mkaka kapena thumba la feteleza la makilogalamu 50, ine ndingasankhe njinga ya magiya ya 125cc, ya matayala a mainchesi 17 kapena 18. Imakwera zitunda ili ndi katundu, ndipo tcheni chake amakaniko a pamsika amachidziwa. Lamba wa sikuta akaduka, mwina mukam'peza ku Limbe.

Ngati mukugula kwa munthu, onetsetsani kuti nambala ya injini ndi ya tchesisi zikufanana ndi zolembedwa m'mapepala. Zikasiyana isiyeni, ngakhale itchipe bwanji: apolisi akailanda, ndalama ya nandolo yapita. Pa mtengowo onjezerani inshuwalansi, chisoti ndi laisensi. Njinga yosapitirira 125cc imafuna laisensi ya A1.

Ntchito ya sabata ino: aliyense afunse akabaza awiri mtengo wa tayala, komanso makilomita amene amayenda ndi lita imodzi ya petulo. Mubwere ndi mayankho pa tsiku lokumana, tidzawerengere limodzi.