Mimba Yotsala Mutabereka: Kulimbitsa Minofu ya Pamimba ndi ya M'mbali

Amayi, pali funso limene ambiri a inu simufunsa pagulu tsiku la sikelo, koma mumadikira kuti anzanu atuluke ndipo mumafunsa anamwino monong'ona: "Mwana ndinabereka kale, nanga mimbayi bwanji sikubwerera?" Ena amaganiza kuti m'kati munatsala zoipa. Ena amadandaula kuti sanamangidwe bwino ndi nsalu pamene anali m'chikuta. Enanso amayamba kudzimana nsima, pamene mwana ali pabere. Funsoli si lochititsa manyazi, chifukwa nkhani yake si ya maonekedwe okha. Minofu imene imabweza mimba ndi yomweyo imene imachirikiza msana wanu mukamalima, mukamasenza madzi ndi pobereka mwana kumbuyo.

Mmene pamimba panapangidwira

Pamimba palibe fupa. Kuchokera ku nthiti kufikira pa chinena, matumbo ndi chiberekero zimasungidwa ndi minofu yokha, yosanjikizana mitundu 4. Kutsogolo kuli minofu iwiri yaitali yotsika molunjika, wina kumanja kwa mchombo, wina kumanzere, ndipo pakati pake pali kamzere kolimba kamene kamailumikiza. M'mbali muli mitundu iwiri yoyenda mopingasa, wapamwamba kulowera uku, wapansi kulowera uko, monga momwe nsungwi zimapingasirana pa lichero. Imeneyi ndiyo imakutembenuzani ndi kukupendeketsani, ndiponso ndiyo imaumba chiuno. M'kati mwenimweni muli mnofu wozungulira thupi ngati luzi lomangira mtolo wa nkhuni. Umenewu suoneka, koma ndiwo woyamba kuuphunzitsa.

Pamene muli ndi pakati, minofu yonseyi imatanuka kwa miyezi yambiri, ndipo kamzere ka pakati kaja kamatambasuka kuti mwana apeze malo. Tsiku lobereka chiberekero chimakhala chikulemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo chimamveka pafupi ndi mchombo. Chimatsika pang'onopang'ono, ndipo pakatha masabata 6 chimakhala chitabwerera pafupifupi pa msinkhu wake wakale. Kuyamwitsa kumachithandiza kufinyika. N'chifukwa chake m'masiku oyamba mumamva kupota m'mimba mwana akamayamwa. Motero mimba ya masabata oyambirira si matenda. Chiberekero chimabwerera chokha, koma minofu imafuna kuti mwini wake aithandize.

Nanga kumanga nsalu?

Mwambo womanga mimba ndi chitenje sitiunyoza. Nsalu yomangidwa mosathina imapatsa mayi mpumulo, makamaka podzuka ndi poyenda m'masiku oyamba. Koma tinene zoona: nsalu siilimbitsa mnofu. Mukaimasula, mimba imakhala monga inalili. Ndipo imene yamangidwa mothina kwambiri, mpaka mayi kulephera kupuma bwino kapena kudya mokwanira, imakankhira zam'kati kumunsi, kumene minofu ili kale yotopa ndi ntchito ya kubereka. Ngati mwamanga, dzanja lanu lizitha kulowa pakati pa nsalu ndi thupi, ndipo usiku masulani.

Yambani mwadziyesa

Gonani chagada pamphasa, mawondo opinda, mapazi ali pansi. Ikani zala zanu chopingasa pamwamba pa mchombo, kenaka dzutsani mutu pang'ono ngati mukufuna kuona mawondo anu. Mudzamva minofu iwiri ija ikulimba uku ndi uku, ndipo pakati pake padzakhala mpata. Werengani zala zimene zikulowa mu mpatawo. Chala chimodzi kapena ziwiri si vuto. Zikapitirira ziwiri, kapena mukaona pakati pa mimba pakutukuka ngati mzere wa mbatata pamene mukudzuka, ndiye kuti minofuyo idakali yotalikirana. Kwa amayi ambiri mpatawu umachepa wokha m'masabata 8 oyamba. Ukakhalabe waukulu pambuyo pa nthawiyo, auzeni anamwino.

Pamene mpata ulipo, musadzuke pamphasa molunjika kuchokera chagada. Tembenukirani kumbali, kenaka dzikankheni ndi mkono.

Zoyamba kuchita

Ngati munabereka bwinobwino popanda chovuta, mungathe kuyamba ziwiri izi patangopita masiku ochepa, pamene thupi lalola.

Choyamba ndi minofu ya kumunsi, imene imatseka njira ya mkodzo ndi ya chimbudzi. Ifinyeni ndi kuikokera m'mwamba monga mumachitira pogwira mkodzo muli pa ulendo. Gwirani pamene mukuwerenga mpaka 5, masulani kwathunthu, ndipo bwerezani ka 10. M'kupita kwa masiku muzifika pa kuwerenga mpaka 10. Njira imeneyi inafalitsidwa ndi dokotala wa amayi wa ku America, Arnold Kegel, mu 1948, ndipo mpaka lero ndiyo yoyamba imene amapatsidwa mayi amene mkodzo umamutuluka pang'ono akatsokomola kapena akaseka. Musazolowere kuiyesa pamene mukukodza.

Chachiwiri ndi mnofu wam'kati uja wonga luzi. Gonani chammbali kapena chagada, mawondo opinda. Kokani mpweya ndipo lolani mimba ifufume. Potulutsa mpweya, kokerani m'kati kumunsi kwa mchombo pang'onopang'ono, ngati mukumanga chitenje chimene chachepa. Gwirani mpaka 10 mukupuma monga mwa masiku onse, kenaka masulani. Bwerezani ka 10. Pano ndi pamene ambiri amalakwitsa: amabanika mpweya, nakweza mapewa, nkhope n'kuchita makwinya. Ngati simungathe kulankhula pamene mwagwira, mwakoka mopyola muyeso. Ntchitoyi ndi yofatsa, ndipo munthu wokhala pafupi nanu sayenera kudziwa kuti mukuchita kanthu. Mukaizolowera mungathe kuichita mutakhala pansi mukuyamwitsa, kapena muli pa mzere kudikira kuti mwana akwere sikelo.

Zimenezi zikayamba kupepuka, onjezani kukanikiza msana. Muli chagada, kokerani mimba m'kati ndi kukanikiza kumunsi kwa msana pamphasa kufikira dzanja litalephera kulowa pansi pake. Muli chigwirire choncho, tambasulani mwendo umodzi mokhweretsa chidendene pamphasa, ndipo ubwezeni. Sinthani mwendo. Msana ukanyamuka, ndiye kuti mwendo wapita patali, fupikitsani.

Minofu ya m'mbali

Imeneyi ndiyo amayi ambiri amaifunira changu, popeza ndiyo imaonetsa chiuno, koma nthawi yake ndi pambuyo. Dikirani kufikira mwaonedwa ku chipatala pa masabata 6, tsiku lomwe mwana amabwera kudzalandira katemera, ndiponso kufikira mpata uja wachepera zala ziwiri.

Gonani chammbali, mawondo opinda, mutatsamira chigongono chimene chili pansi pa phewa. Kokerani mimba m'kati, ndipo nyamulani chiuno kuchoka pamphasa kuti thupi liwongoke kuyambira pa phewa kufikira pa bondo. Gwirani mpaka 5, tsikani mosadziponya, ndipo chitani ka 5 mbali iliyonse. Poyamba mudzanjenjemera, ndipo zimenezo si zodabwitsa. Pakapita masabata muzitalikitsa mpaka 15 kapena 20.

Ina ndi iyi. Muli chagada, mawondo opinda, tulutsani mpweya, kokerani mimba m'kati, ndipo dzutsani mutu ndi phewa lamanja, dzanja lamanja likulunjika ku bondo lamanzere. Bwererani pansi mofatsa ndipo sinthani mbali. Yambani ndi ka 5 mbali iliyonse. Diso lanu likhale pamimba: mzere wa mbatata uja ukaonekanso, lekani ndipo bwererani ku zoyamba zija kwa masabata ena awiri. Kuchita pang'ono tsiku ndi tsiku kumapindula kuposa kudzitopetsa tsiku limodzi pa sabata.

"Koma ine ndimagwira ntchito tsiku lonse"

Mawu amenewa timawamva m'midzi yonse, ndipo ndi oona. Mayi wosinja chimanga, wotunga madzi ndi wogwira khasu si waulesi. Vuto ndi lakuti ponyamula chinthu cholemera ambiri amabanika mpweya, ndipo mimba imakankhikira kunja ndi kumunsi. Minofu yotanuka ikamakankhidwa motero tsiku lililonse, imachedwa kubwerera. Chotero ponyamula ndowa, pindani mawondo m'malo mowerama msana, finyani kumunsi, kokerani mimba m'kati, ndipo dzukani mukutulutsa mpweya. Musanyamulire mwana pa chiuno cha mbali imodzi nthawi zonse. Ndipo awerengereni abambo a kunyumba ndi apongozi mawu awa: m'masabata 6 oyamba, mtolo wa nkhuni, munsi ndi ndowa yodzaza si katundu wa mayi amene wangochira kumene.

Mayi amene anabereka pa opaleshoni asamale koposa. Kupuma mozama, kufinya kumunsi ndi kuyenda pang'onopang'ono n'zololedwa msanga, koma asanyamule chinthu cholemera kuposa mwana wake, ndipo asayambe za m'mbali asanaonedwe bala ndi a chipatala.

Mafuta ndi chakudya

Palibe njira yochotsera mafuta pamimba pokha. Zimene taphunzirazi zimalimbitsa mnofu wa pansi pa mafutawo, mimba n'kusiya kulendewera, koma mafuta amachoka m'thupi lonse pamodzi, pang'onopang'ono, ndi kuyenda, ntchito ndi kuyamwitsa. Mizere ya pakhungu imazilala koma siitheratu, ndipo mayi wa ana anayi asadziyerekeze ndi mtsikana amene sanaberekepo.

Kudzimana chakudya ndi kulakwa kwakukulu. Mayi woyamwitsa amafuna chakudya choposa cha masiku onse, chochokera m'magulu onse 6, ndipo mnofu sungakule popanda nyemba, mtedza, usipa, mazira kapena nyama. Chochepetsa ndi shuga wambiri m'tiyi, zakumwa zotsekemera ndi zokazinga za tsiku ndi tsiku. Mankhwala ndi tiyi wogulitsidwa ndi lonjezo lakuti amaphwetsa mimba musamwe. Ambiri mwa iwo amangotsegula m'mimba ndi kutha madzi m'thupi, ndipo zina za m'menemo zingathe kufika kwa mwana kudzera mu mkaka.

Minofu imafunanso nthawi yopuma pakati pa mimba ndi mimba. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi adikire miyezi yosachepera 24 atabereka asanatengenso pakati. Kumbukirani kuti mungathe kuima musanayambenso kusamba. Kuyamwitsa kumateteza pokhapokha ngati mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo inu simunayambe kusamba. Funsani za kulera pa tsiku lomwelo la masabata 6.

Pamene simuyenera kudikira

Lekani zonsezi ndipo pitani ku chipatala tsiku lomwelo ngati magazi ayambanso kutuluka kwambiri, ngati thupi latentha, ngati kumaliseche kukutuluka zonunkha, kapena ngati bala la opaleshoni latupa kapena likutuluka mafinya. Chotupa cha pa mchombo chimene chimatuluka mukatsokomola chiyenera kuonedwa, ndipo chikalimba, n'kumapweteka, mayi n'kumasanza, ulendo wake ndi wa nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Mimba imene ikukula m'malo mochepa, kapena imene muli chinthu cholimba chogwirika, siithetsedwa ndi kulimbitsa minofu. Chimodzimodzinso kumva ngati chinthu chikutsika kumaliseche.

Mkodzo wotuluka wokha usana ndi usiku pambuyo pobereka movutika ndi nthenda ina, yotchedwa fistula, ndipo kufinya kumunsi sikungaichize. Imachizidwa ndi opaleshoni, ndipo pa chipatala cha Bwaila mu Lilongwe pali malo osamalira amayi a vutoli. Auzeni anamwino a pa sikelo yanu kuti akulembereni kalata yokutumizani.