KUYERETSA MADZI A MATOPE: MUYESO WA MANKHWALA

Mwambo wa Chakwela Makumbi ukapita ndipo mvula yoyamba ikagwa, mtsinje wa Chongwe usanduka wofiira. Mai akatunga madzi otere nawaika mu mtsuko usiku wonse, mcenga ukhala pansi, koma madzi akhalabe obvunduka. Cifukwa cace ndi ici: tifumbi ta dothi ndi tating'ono kwambiri, ndipo tikankhana tokha-tokha, kotero sitingagwirizane ndi kumira.

Kumalo oyeretsera madzi a m'mipope athiramo mankhwala ochedwa alamu. Mankhwalawa aletsa kukankhana kuja. Tifumbi tigwirana, tisanduka timibulu tonga madeya, tsono timira. Kumudzi nchito yomweyi icitika ndi njere za mtengo wa camwamba, umene ena acha kangaluni kapena moringa. Akazi a ku Sudan m'mbali mwa mtsinje wa Nile anadziwa zimenezi kale, ndipo m'zaka za m'ma 1990 akatswiri anayesa njerezi pa malo oyeretsera madzi a ku Thyolo, m'Malawi, nazipeza kuti zigwira nchito monga alamu.

Koma mverani bwino apa, pakuti ambiri alakwa pomwepa. Munthu aganiza kuti akacurukitsa mankhwala madzi adzayera msanga. Iai. Mlimi ali yense adziwa kuti feteleza wocepa sakulitsa cimanga, ndipo wocuruka acitentha. Momwemonso mankhwala ocepa asiya matope m'madzi. Ocuruka akuta tifumbi tonse, ndipo tiyambanso kukankhana monga poyamba. Alamu wopitirira awawasitsa madzi, ndipo ufa wa camwamba wotsalira usanduka cakudya ca tizirombo.

Palibe muyeso umodzi wa caka conse. Madzi a mu January safanana ndi a mu July. Nchifukwa cace anchito a madzi ayamba ayesa m'mabotolo, ndipo inunso citani motere.

Tengani njere zouma bwino, cotsani makoko, sinjani maso ace oyera kufikira akhale ufa. Dzazani mabotolo 4 a lita imodzi ndi madzi a tsiku lomwelo. M'loyamba thirani ufa wa kagawo kacinai ka njere, m'laciwiri wa theka la njere, m'lacitatu wa njere imodzi, m'lacinai wa njere 2. Khuchumulani kolimba mphindi imodzi, kenaka zunguzani pang'ono-pang'ono mphindi 5. Musafulumire pa kuzunguzaku, pakuti dzanja laukali liphwanya timibulu tija tisanakule. Dikirani ora limodzi kapena awiri osagwedeza. Mwa mabotolo amene ayera, sankhani lija munathiramo ufa wocepa koposa. Ngati ndi la theka la njere, cigubu ca malita 20 cifuna njere 10.

Pothira m'ndowa, yambani mwasungunula ufawo m'kapu ya madzi oyera, nimusefe ndi kansaru. Matope akakhala pansi, tsanulani a pamwamba mosamala, ndi kutaya zotsalazo kutali ndi citsime.

Tsono madzi oyera m'maso sindiwo madzi abwino ai. Kamtsinje ka Ngwerere kanyamula zonyansa za mu Lusaka kufikira mu Chongwe, ndipo tizirombo ta kolera sitioneka. Kumbukirani 2024, pamene bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala, ndipo mliri wonsewo unapha anthu opitirira 700 m'dziko muno. Njere zicotsa tizirombo tambiri pamodzi ndi matope, koma sizipha totsalato. Cotero witsani madziwo kufikira abwate, kapena thiranimo klorini monga mwa malangizo olembedwa pa botolo lace. Klorini agwira bwino m'madzi amene matope acoka, cifukwa matope amlanda mphamvu.

Konzani madzi okwanira tsiku limodzi lokha, ndipo sinjani ufa watsopano nthawi zonse. Ikagwa mvula yamphamvu, kapena mukasintha potunga, turutsaninso mabotolo aja.