Kukubwera akatswiri a tchesi, koma ndalama ndi ya feteleza

Azakhali, ndine mphunzitsi wa zaka 27 ndipo ndimakhala ku Zomba. Pa tchesi, kwathu kuno palibe wondigonjetsa. Mwezi wamawa ku Lilongwe kuli mpikisano waukulu woti aliyense akhoza kulowa, ndipo kukubwera ma grandmaster akunja. Yolembetsera, yoyendera ndi yogonera ndikufuna kutapa pa ndalama imene tasungira feteleza, ndidzabweza ndikapata mphotho. Mayi akunyumba sindinawauze. Usiku sindikugona, ndikuloweza ma opening. Koma mantha andigwira: nanga akakandichititsa manyazi pagulu?
Wothedwa nzeru, Zomba

Mwana wanga, mwakuza nkhani ya manyazi n'kubisa nkhani yeniyeni pakati pa kalata, poganiza kuti maso anga akalamba. Ndaiona. Tiyambire pomwepo.

Ndalama ya feteleza si yanu nokha. Sindikukuyesani wakuba ayi, ndikudziwa kuti mtima wobweza muli nawo. Koma mphotho zikuluzikulu amapita nazo ndi alendowo, ndiye chifukwa chake akwera ndege. Kawirikawiri munthu satchedwa grandmaster rating yake ya FIDE, bungwe la tchesi la padziko lonse, isanafikepo pa 2500. Inu mukapata kanthu, kadzakhala ka gulu la anzanu ofanana nawo mphamvu, ngati okonza mpikisano aikapo mphotho yotero. Choncho ndalamayo muiwerenge ngati yopita osabwerera.

Lero lomwe khalani pansi ndi mayi. Lembani papepala ndalama zonse, ngakhale za chakudya, muwaonetse. Mwina akwiya. Asiyeni akwiye, mkwiyo wa lero umatha ndi tulo. Umene sukutha msanga ndi wa mu Januwale, chimanga chikuchita chikasu m'munda, iwo n'kutulukira okha kuti thumba la feteleza linathera pa basi ya ku Lilongwe. Pamenepo sadzadandaulanso za chimanga chokha. Adzayamba kudzifunsa kuti china chimene mumawabisira n'chiyani.

Njira zochepetsera ndalama zilipo. Funsani a bungwe la tchesi la CHESSAM ngati pali ena ochokera ku Zomba kapena ku Blantyre oti mugawane nawo chipinda, ndipo muwafunsiretu za nambala yanu ya FIDE, musakadzidzimuke pa tsiku lolembetsa. Ngati muli ndi mbale ku Kawale kapena ku Area 25, kagoneni kumeneko. Zonsezi zikakanika, mayi n'kukanitsitsa, chaka chino musalowe. Kupita tsiku limodzi kukaonerera kulinso ndi phindu lake.

Tsopano za manthawo. Mipikisano yotereyi imayenda mwa dongosolo la Swiss, ndipo palibe amene amatulutsidwa akagonja. Kawirikawiri pamakhala ndime zisanu ndi zinayi. M'ndime yoyamba amagawa osewera pawiri molingana ndi rating, apamwamba n'kukumana ndi apansi: mukakhala anthu 100, woyamba amasewera ndi wa nambala 51. Ndiye inde, mukhoza kukhala moyang'anizana ndi grandmaster tsiku loyamba lenilenilo, ndipo mwachidziwikire adzakugonjetsani. Nanga manyazi ali pati? M'holo monse palibe amene adzadabwe. Akusekeni ndani, poti aliyense maso adzakhala pa bolodi lake? Kuchokera apo amakupatsani anthu a mapointi ofanana ndi anu, ndipo pofika ndime yachitatu kapena yachinayi mudzakhala mukulimbana ndi amsinkhu wanu. Mpikisano wanu uli pamenepo. Chimene ndikuopa ine n'chakuti kudzabwera kamtsikana ka sitandade 7, miyendo yosafika pansi, n'kukudyerani mfumukazi. Ufumu wanu wa ku Zomba mukausiye pa depoti.

Alendowo musawayese mizimu. Amon Simutowe wa ku Zambia kuno pafupi anakhala katswiri wa dziko lake ali ndi zaka 14, ndipo mu 2009 anakhala grandmaster. Kenny Solomon, grandmaster winanso, anakulira ku Mitchells Plain ku Cape Town. Onsewa anayamba ndi kugonja kwa owaposa.

Zoloweza usikuzo lekani. Mwezi umodzi simungaloweze zimene munthu wakhala akuziphunzira zaka makumi awiri. Sankhani opening imodzi ya zoyera, ziwiri za zakuda, zimene mumazidziwa kale. Nthawi yotsalayo yeserani kukhala pansi. Masewero a pafoni a mphindi zitatu akuzolowezani kuthamanga, pomwe uko nthawi zambiri aliyense amapatsidwa mphindi 90, n'kumawonjezeredwa masekondi 30 akasuntha. Masewero amodzi amatha kudya maola anayi, ndipo masiku ena mumasewera kawiri. Pezani mnzanu Loweruka, muike wotchi, muzilemba kusuntha kulikonse papepala monga lamulo likunenera. Ndipo muzigona. Munthu watulo amataya hatchi yake popanda womuopseza.

Malamulo awiri awa amaliza anthu ambiri obwera koyamba. Mukagwira kanthu kanu pabolodi, mukasunthe komweko, zoti "pepani ndabweza" zimathera kunyumba. Lachiwiri ndi foni. Mu 2003 Ruslan Ponomariov, ali katswiri wa dziko lonse wa FIDE, anagonja foni yake itangolira pakati pa masewero. Ngati sanamumvere chisoni iyeyo, inu a ku Zomba ndiye ayi. Izimitseni, muipereke kumene oweruza anena. Funsaninso kuti wochedwa amamudikira mphindi zingati, chifukwa minibasi ya m'tauni sidziwa kuti wotchi yanu yayamba kuyenda.

Mukakumanadi ndi grandmaster, musathamangire kugonja kuti zithe msanga, komanso musamupemphe kuti mulepherane masewero atangoyamba, n'kupanda ulemu. Sewerani mpaka pamene mwaona nokha kuti palibenso chochita, mupereke dzanja. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndiye musamulole achoke nako osakumetaniko. Mufunseni mwaulemu kuti, "Ndinalakwitsa pati?" Ena amakana chifukwa cha kutopa, musakhumudwe. Ambiri amakhala nanu mphindi zochepa panja pa holo n'kukulozerani. Zimene anenazo muzilembe kuseri kwa pepala lanu lomwelo musanaiwale, Lolemba mukaziyale pabolodi pamaso pa ana anu akusukulu.